Unyolo, Zipilala ndi Miyala ya Malire: Mbiri ya Kupima Dziko m'Kabula

Mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, ponka ku sukulu m'mawa, amapitirira zizindikiro zambiri zimene sadziwa mwini wake. Pa ngodya ya mpanda wa nyumba pali kamwala ka simenti kokwiriridwa m'nthaka, kokhala ndi chitsulo pakati pake. Anthu amakatcha bikoni. Pa nsonga za mapiri ena pali chipilala chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, chonga cha pa manda, koma chopanda dzina la wakufa. Ndipo pamene Boma lifuna kukuza mseu, m'mbali mwake mumaoneka zikhomo za mitengo zopakidwa utoto ndi kulembedwa manambala. Akulu akafunsidwa, yankho lao ndi limodzi, lakuti zonsezo n'za masaveya, anthu aja oyenda ndi makina a miyendo itatu. Yankholo si labodza, koma liphatikiza ntchito zitatu zosiyana. Bikoni inena za mwini malo. Chipilala chinena za maonekedwe a dziko lonse. Chikhomo cha pa mseu chinena za kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Ntchito zitatuzi sizinafike m'dziko muno tsiku limodzi, ndipo mzinda wa Blantyre, umene eni ake amautcha Kabula, ndiwo malo oyenera kupendapo mbiri yake, pakuti zonse zitatu zinapondapo.

Malire Usanafike Unyolo

Wowerenga asayese kuti makolo analibe malire. Amang'anja amene anakhala pa mapiri a Shire, ndi Ayao amene anawapeza pomwepo cha m'zaka za m'ma 1860, anali nayo njira yao yogawira minda. Mlendo kapena mkamwini akapempha polima, nyakwawa inatuluka ndi akulu a m'mudzi, nizungulira naye malowo, kumanga mfundo pa udzu ndi kusema makungwa a mitengo. Malire anali mtsinje, chulu, thanthwe kapena mkuyu. Ena anabzala nkhadze kuti mzere usaiwalike. Buku losungamo zonsezi linali mitu ya mboni. Njirayi inali ndi kufooka kwake, pakuti chulu chimagumuka, mtengo umagwa, mboni zimafa. Koma chachikulu n'chakuti chimene munthu analandira chinali ufulu wa kulima. Nthakayo inakhalabe ya mudzi, ndipo munda wogonekedwa kuti ukhale tsala sunayesedwe wopanda mwini. Pa mfundo imeneyi ndi pamene panadzatuluka mlandu wa zaka makumi asanu ndi awiri.

Makalata a Johnston

M'chaka cha 1876 Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anasankha malo a mishoni ya Church of Scotland m'dziko la Mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Pambuyo pa amishoni panafika amalonda. John Moir ndi mbale wake Frederick anadza m'chaka cha 1878 ndi kampani imene anthu anaitcha Mandala. John Buchanan, amene anafika ngati wosamala munda wa mishoni, anadzakhala mwini minda ya khofi. Eugene Sharrer anatsegula masitolo nayamba kusonkhanitsa malo. Azungu ambiri otere anali ndi mapepala osonyeza kuti anagula dziko kwa mafumu ndi nsalu, mikanda, mfuti kapena onga. Mfumu inaikapo chizindikiro chake pa mau amene sinathe kuwawerenga, ndipo malire analembedwa mwa chisawawa: kuchokera ku phiri lakuti kufika ku mtsinje wakuti.

Harry Johnston atafika m'chaka cha 1891 kudzakhazikitsa Boma la Angerezi, anapeza kuti mapepalawo anali kulimbana okha okha, anthu awiri kapena atatu ali kuloza phiri limodzi. Tsono anayamba kufufuza zonena zao, nachepetsa zina, ndipo kuyambira 1892 anapereka makalata otchedwa Certificates of Claim kwa iwo amene anawavomereza. Mtengo umene iye anauyesa wokwanira unayambira pa theka la kobiri kufika pa makobiri atatu pa ekala imodzi. Malo onse operekedwa motero anakwana pafupifupi maekala 3,700,000. Mwa amenewa, 2,700,000 anali ku mpoto, m'manja mwa British South Africa Company. Koma amene anawawa koposa ndiwo a pa mapiri a Shire, kumene nthaka yabwino yambiri inalowa m'manja mwa anthu owerengeka. Sharrer yekha anali ndi maekala oposa 360,000.

Apa ndi pamene panayambira mtundu woyamba wa kupima, ndiwo kupima malire a mwini malo. Cholinga chake n'chakuti chikalata ndi nthaka zivomerezane: mzere uliwonse wolembedwa pa pepala upezeke pansi, ndipo ngodya iliyonse ikhale ndi mwala wake. Masiku amenewo opima anali ochepa ndithu, kotero kuti minda yambiri inakhala zaka osapimidwa bwino. Komatu cholakwa chachikulu sichinali kuchepa kwa opima. M'makalata ambiri a Johnston munali mau oteteza eni dziko, onena kuti midzi ndi minda imene inalipo pa nthawiyo isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Mauwo anali abwino pa pepala. Koma midzi ndi mindayo sinapimidwe, sinaikidwe miyala, sinaoneke pa mapu. Malire a kunja, osonyeza kumene Mzungu wina alekezera ndi kumene mnzake ayambira, ndiwo amene anasamalidwa. Malire a m'kati, osonyeza pamene pali ufulu wa mudzi, anasiyidwa m'mitu ya mboni monga kale. Ndipo popeza anthu anali kusuntha minda yao nthaka ikatopa, patapita zaka zochepa mwini esiteti anatha kunena kuti munda watsopanowo suli m'mau aja oteteza, ndi kuti wolimapo apereke lendi kapena agwire ntchito.

Umo ndi m'mene mau akale akuti thangata, amene poyamba anatanthauza kuthandizana kwa anansi, anasandukira dzina la goli. Pamene Alomwe anayamba kulowa ambiri kuchokera ku dziko la Apwitikizi cha m'ma 1900, nakhala pa maesiteti opanda chitetezo chilichonse, kusiyanitsa mbadwa ndi mlendo kunavuta koposa. M'chaka cha 1903 nkhaniyi inafika ku bwalo lalikulu m'Blantyre, pa mlandu wa Boma ndi kampani ya Blantyre and East Africa. Woweruza Nunan anagamula mokomera mbadwa, kuti iwo otetezedwa ndi mau aja sayenera kulipira lendi. Chigamulocho chinali cholungama, koma kuchitsata kunafuna chinthu chimene panalibe: mapu osonyeza kuti mudzi uti unali pati m'chaka cha 1892. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ya maekala pafupifupi 169,000, thangata linali lowawa. Pafupi pake, ku Mbombwe, John Chilembwe anali ndi kamalo kosafika maekala 100. Nkhondo yake ya pa 23 January 1915 inali ndi zifukwa zinanso, monga kutentha kwa matchalitchi ake ndi kutengedwa kwa anthu kunka ku nkhondo ya Ajeremani, koma nthaka inali pakati pa zonsezo. Panadza bungwe lofufuza la 1920, lamulo la 1928 la anthu okhala pa maesiteti, ndi kufufuza kwa Sir Sidney Abrahams m'chaka cha 1946, amene analangiza Boma kuti ligulenso malo osalimidwa ndi okhalapo anthu. Boma linagula, ndipo thangata linathetsedwa m'chaka cha 1962. Kunena zoona, ntchito imene gulu la opima likadatha kuichita pa chiyambi inatenga zaka 70, ndi mwazi womwe.

Za Unyolo ndi Ekala

Chida chachikulu cha opima oyambawo chinali unyolo wachitsulo, umene anaukonza Edmund Gunter ku England m'chaka cha 1620. Utali wake ndi mapazi 66, ndipo uli ndi mphindi 100. Nambala imeneyi ioneka yachilendo, koma ili ndi nzeru yake: maunyolo 80 akwana mailo imodzi, ndipo munda wa maunyolo 10 m'litali ndi unyolo umodzi m'lifupi ndiwo ekala imodzi. Motero wopima sanavutike ndi masamu aatali. Anthu awiri anakoka unyolo, wa patsogolo nazika kachitsulo pamene unalekeza, wa pambuyo nakazula. Powerenga tizitsulo anadziwa mtunda umene ayenda. Kampasi inasonyeza kumene mzere ulinga, ndipo pa ntchito yofuna kusamala anagwiritsa theodolite, ndiyo galasi loonera patali lokhazikidwa pa miyendo itatu, lopima ngodya. Okoka unyolo, odula mizere m'thengo ndi osenza katundu anali anthu a m'dziko muno, ndipo maina ao sanalembedwe pa mapu amene anathandiza kupanga.

Mphunzitsi angathe kuonetsa zimenezi kwa ana popanda kugula kanthu. Chingwe cha khonje cha mapazi 66, chomangidwa mfundo khumi zotalikirana mofanana, chikwanira kupima bwalo la mpira ndi munda wa sukulu. Ndipo mwana amene wazungulira ndi mapazi ake malo a mayadi 70 mbali zonse zinai sadzaiwala kukula kwa ekala. Pamenepo kumuuza kuti hekitala, imene mabuku a Boma alemba tsopano, ndi maekala awiri ndi theka kuperewera pang'ono, sikudzakhala mau a m'mutu chabe.

Kudula Mapuloti

M'tauni kupima malire kunakhala ndi ntchito yachiwiri, ndiyo kudula malo akulu kukhala mapuloti ndi kusiya mipata ya miseu. Blantyre anakhala tauni yokhala ndi ulamuliro wake m'chaka cha 1895, yoyamba m'dziko muno, ndipo miseu yake ya pakati, monga Victoria Avenue, ili pa mizere imene inajambulidwa m'zaka zimenezo. Mizereyo inagawanso anthu: Azungu anali ndi dera lao, Amwenye lao, ndipo eni dziko, kupatula antchito a m'nyumba, sanawerengedwe m'tauni. Iwo anamanga kunja kwa malire, pa nthaka ya mafumu kapena ya maesiteti, nayenda pansi m'mawa ndi madzulo. Ndirande anakula motero, wopanda bikoni, wopanda mseu wopimidwa, nyumba iliyonse ili kulowa pamene papezeka mpata. Amene afuna kudziwa chifukwa chake miseu ya pakati pa mzinda ili yoongoka, ndipo njira za m'Ndirande zili zokhota ngati za mbewa, yankho lili m'mbiri imeneyi.

Limbe ndi mwana wa njanje ndi fodya. Kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake kumeneko, a njanje naikako likulu lao, ndipo tauniyo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1909, mtunda wa mailosi asanu kuchokera ku Blantyre. Matauni awiriwo anapimidwa payekha payekha, pakati pao pali minda ya eni ena, kufikira anaphatikizidwa m'chaka cha 1956. Ndicho chifukwa chake mzindawo uli ndi mitu iwiri, ndipo manambala a mapuloti ake ayamba ndi zilembo zosonyeza chigawo, monga BC pakati pa Blantyre, LE kum'mawa kwa Limbe, NY ku Nyambadwe.

Kupima Kukwera ndi Kutsika

Mtundu wachiwiri wa kupima sufunsa za mwini malo. Ufunsa ngati ngolo ingakwere, ngati madzi angayende. Uwu ndi kupima kwa omanga. Johnston anadza ndi msilikali wa Royal Engineers, Bertram Sclater, amene anakonza mseu wokwera kuchokera ku Shire cha ku Chikwawa kufika ku Blantyre ndi kupitirira ku Zomba, nalembanso mapu a chigawo cha kum'mwera. Koma ntchito imene inayesa opima koposa ndiyo njanje.

Chida cha ntchitoyi ndi levulo, galasi loimikidwa chopingasa bwino bwino mothandizidwa ndi kathovu ka m'madzi, pamodzi ndi ndodo yaitali yolembedwa manambala. Wopima ayang'ana ndodo itaimikidwa kumbuyo kwake, nawerenga. Ayang'ananso itaimikidwa kutsogolo, nawerenga. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kukwera kapena kutsika kwa nthaka. Asuntha makina, nachitanso chomwecho, kambirimbiri, kufikira mapeto a njira. Munthu woyenda pansi sasamala chitunda chaching'ono, koma sitima yokoka katundu imalemedwa ngakhale njira ikwera phazi limodzi lokha pa mapazi 40 kapena 50. Tsono kuchokera ku Chiromo, m'chigwa chotentha, kufika ku Limbe, njanje inayenera kukwera mapazi oposa 3,000. Opima anailondoletsa m'mbali mwa Ruo ndi mitsinje yothira m'menemo, kuikhotetsa uku ndi uku kuti chitunda chigawike pa mtunda wautali. Ntchito inayamba m'chaka cha 1903, ndipo sitima inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, mailosi 113 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje.

Nambala ya 113 ili ndi nkhani yake. Boma linalonjeza kampani yomanga njanjeyo maekala 3,200 pa mailo iliyonse, ndiwo 361,600 onse pamodzi. Motero kukhota kulikonse kumene wopima anaonjezera kuti sitima ikwere bwino kunali kuonjezeranso dziko lochoka m'manja mwa eni ake. Mwamwai, pambuyo pake Boma linaombola lonjezolo ndi ndalama.

Levulo yomweyo ndiyo imamwetsa mzindawo madzi. Damu la Mudi litaperewera, madzi anayamba kutengedwa ku Shire, pa Walker's Ferry, m'zaka zoyamba za m'ma 1960. Pakuti Blantyre ali pamwamba ndipo Shire ali pansi, madziwo amakankhidwa ndi makina kukwera mamita pafupifupi 800. Kukula kwa makinawo, kulimba kwa mipope ndi malo a matanki, zonse zinatsamira pa manambala a wogwira ndodo. Amene adandaula ndi kudula kwa madzi a m'Kabula adziwe kuti gawo lalikulu la mtengowo ndi la magetsi okwezera madzi chitunda chimenechi.

Zipilala za pa Mapiri

Mtundu wachitatu ndiwo mai wa inayo, chinkana unafika mochedwa. Mapu a esiteti imodzi, kapena a njanje yokha, ali ngati chigamba. Zigamba zambiri zosokedwa popanda muyeso umodzi sizipanga malaya. Pafunika mafupa a dziko lonse, ndiwo malo owerengeka amene kukhala kwake kudziwika mosakayika, kuti kupima kwina konse kumangirirepo. Nzeru yake ndi ya makona atatu. Munthu akadziwa utali wa mbali imodzi ndi ngodya ziwiri, angathe kuwerengera mbali zina ziwirizo osaziyenda. Tsono opima amapima mzere umodzi pa chigwa mosamala kwambiri. Kuchokera ku nsonga zake ziwiri amayang'ana phiri ndi theodolite. Kuchokera pa phirilo amayang'ana lina, ndi linanso, kufikira dziko lonse litakutidwa ndi ukonde wa makona atatu. Chipilala chija cha pa nsonga ndicho pokhazika makinawo. Usana analozerana ndi kalilole wonyezimira dzuwa, usiku ndi nyali, ndipo nyengo ya utsi wa lupsa kapena nkhungu ya chiperoni inatha kuwasunga pa phiri masabata ali kudikira kuti phiri linzake lioneke. Dziko la mapiri oima paokha, monga Michiru, Ndirande, Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje, lili ngati linalengedwera ntchito imeneyi.

Ukondewo sunathere pa malire a Nyasaland. Sir David Gill, wopenda nyenyezi wa ku Cape Town, anayambitsa mzere waukulu wa makona atatu wotsata meridian ya 30, kuchokera ku South Africa kulinga ku Egypt. Unadutsa m'maiko a Rhodesia, nutsirizika m'chaka cha 1954. Mapu a maiko a kuno anamangiriridwa pa muyeso wochokera m'ntchito imeneyo, wotchedwa Arc 1950.

Nkhondo yachiwiri itatha, Boma la Britain linakhazikitsa m'chaka cha 1946 ofesi yotchedwa Directorate of Colonial Surveys, pansi pa Brigadier Martin Hotine. M'chaka cha 1957 inasintha dzina kukhala Directorate of Overseas Surveys. Njira yao inali yatsopano. Ndege inauluka mizere yoongoka ili kujambula zithunzi zoloŵerana m'mphepete. Zithunzi ziwiri za malo amodzi zikaikidwa m'makina oonera ndi maso awiri, mapiri amatumphuka ndi zigwa zimazama monga zilili. Opima a pansi anapereka malo odziwika ogwiriziza zithunzizo, nayendanso m'midzi kufunsa maina a mitsinje ndi mapiri, ndipo ojambula a ku England analemba mapu. M'chaka chomwecho cha 1957 Trevor Wadley wa ku South Africa anatulutsa makina otchedwa Tellurometer, opima mtunda ndi mafunde a wailesi, kotero kuti mtunda umene unafuna masabata a unyolo unapimidwa tsiku limodzi.

Zipatso za ntchitoyi ndiwo mapu a 1:50,000, amene masentimita awiri aimira kilomita imodzi. Pa mapu amenewa pali mizere yofiirira yolumikiza malo okwera mofanana. Pamene italikirana, dziko ndi lachidikha. Pamene ithithikana, pali phompho. Mlimi amene anaonapo alangizi ali kuzika zikhomo za akalozera m'munda wotsetsereka waona mzere wotere ndi maso ake. Kwa zaka zambiri ofesi ya Boma yopima dziko inali m'Blantyre momwemo, ndipo dzina la mzindawo lili pansi pa mapu ambiri akale.

Zipilala zambiri m'maiko a Africa zaphwanyidwa, zina ndi anthu okhulupirira kuti Azungu anabisamo chuma. Mulibe kanthu koma simenti, miyala ndi kachitsulo. Koma asafulumire munthu kuseka. Kwa mdzukulu wa munthu wa thangata, mlendo woima pa phiri ndi galasi sanakhalepo chizindikiro cha zabwino.

Malire a maiko ndi nthambi ya ntchito yomweyi. Mapangano a Angerezi ndi Ajeremani a 1890, ndi a Angerezi ndi Apwitikizi a 1891, analembedwa ku Ulaya. Pambuyo pake magulu a opima anatumidwa kukapeza pansi zimene zinalembedwazo. Captain Charles Close anatsogolera Angerezi pa malire a pakati pa nyanja za Nyasa ndi Tanganyika m'chaka cha 1898. Kum'mwera mtsinje wa Ruo unakhala malire, nugawa pakati anthu a mtundu umodzi.

Dziko Litalandira Ufulu

Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka ya Malawi patatu: ya Boma, ya mafumu, ndi ya eni ake a makalata. M'chaka cha 1967 panadza lamulo la kaundula wa malo, lolinga kuti umwini utsimikizidwe ndi buku la Boma lokhala ndi mapu ake, m'malo mwa mulu wa makalata akale ofunika kuwalondola limodzi limodzi. Njira ya wofuna lizi m'tauni idzera kwa wopima: iye apeza ngodya za puloti, azimangirira ku malo odziwika aja, azika mabikoni, najambula pulani, mkulu wa opima m'Boma aipenda ndi kuivomereza, pamenepo chikalata chilembedwa, kawirikawiri cha zaka 99. Banki yokongoza ndalama, bwalo loweruza mlandu wa malire, ndi ana ogawana chuma cha masiye, onse atsamira pa pulani imeneyo. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu pa lamulo.

Bungwe la Malawi Housing Corporation, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1964, linapima mapuloti m'madera monga Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni, kuti anthu a ndalama zochepa amangepo okha. Kumeneko wopima anatsogola, nyumba nizitsata. Koma anthu olowa m'tauni anachuluka kuposa mapuloti, ndipo m'madera ambiri nyumba ndizo zinatsogola. Malo a mzinda umodzi anakhala ndi eni ambiri: unduna wa za malo, khonsolo ya mzinda, bungwe la nyumba, eni makalata akale, ndi mafumu amene anapitiriza kugawa malo monga mwa mwambo. Puloti limodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo m'Kabula. Masukulu nawonso alowa m'vuto lomweli: malo amene mfumu inapereka ndi pakamwa zaka zapitazo, opanda bikoni, amadyedwa pang'ono pang'ono, lero mzere wa chimanga, mawa maziko a nyumba. Mphunzitsi wamkulu wofika pa sukulu yatsopano achita bwino kufunsa msanga ngati pulani ya malowo ilipo, ndi kuyenda ndi komiti kukaona ngodya zake.

M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atsopano a malo, pakati pao lamulo la kupima lolowa m'malo mwa la 1955, ndi lamulo la malo a mafumu lolola mabanja kulembetsa minda yao m'kaundula. Ili ndilo gawo lija limene Johnston analisiya, kupima malire a m'kati. Zida zasintha kotheratu. Wopima wa lero, amene angakhale anaphunzira ku Chichiri pa sukulu imene inali Polytechnic, tsopano MUBAS, amanyamula ndodo yolandira mau a masetilaiti a GPS, ndipo tindege topanda woyendetsa timajambula dera lonse m'mawa umodzi. Funso lokha ndilo silinasinthe, lakuti malirewo apite pati. Ndipo makina sangaliyankhe popanda mboni za m'mudzi.

Pa mapu a 1:50,000 a Blantyre, mizere yofiirira ya phiri la Soche ndi yothithikana kwambiri, ndipo timitsinje totsikira ku Chilobwe tioneka bwino lomwe. Phirilo linali nkhalango yotetezedwa. M'kupita kwa zaka mitengo inatha, ndipo nyumba zinakwera m'mbali mwake, zomangidwa ndi anthu amene analidziwa phompho monga wina aliyense, koma sanapeze puloti lopimidwa limene akanatha kulipira. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku otsatana. Nthaka inakhuta madzi, ndipo napolo anatsika ndi matope ndi miyala ikulu ikulu, natsata makwawa omwe aja olembedwa pa mapu, nakokolola nyumba ndi anthu ambiri a ku Chilobwe. Opima anabweranso pa phirilo pambuyo pake, ena ndi tindege tao, kudzajambula njira zimene matope anadzera ndi kuwerenga nyumba zimene zinatsala m'mphepete mwake.